Alonda a Mlengalenga ndi Zinthu Zosadziwika

Chiyambire pamene munthu adaphunzira kuuluka, ndipo mafumu a dziko lapansi adazindikira kuti imfa imene kale inkadzera pamtunda ndi pamadzi ikhoza tsopano kugwa kuchokera kumitambo, maiko adaika alonda oyang'ana kumwamba usana ndi usiku. Ndipo udindo wa alonda amenewa, ngakhale ali ndi makina odabwitsa ndi maphunziro ozama, sudasiyane ndi wa mlonda wa pa linga amene mneneri Ezekieli adamfotokoza, woyenera kuomba lipenga pakuona nkhondo ikudza, ndi kusenza mlandu wa mwazi wa anthu ake ngati akhala chete. Koma chilipo chinthu chimodzi chimene chawasautsa alonda amenewa kwa zaka zoposa 80: nthawi zina aona kanthu kumwamba, kapena makina a radar awalozera kanthu, ndipo sadziwa ngati ndi mdani, kapena mlendo wosochera, kapena nyenyezi, kapena chinyengo cha maso otopa. Mbiri imene ndifuna kulongosola pano ndi ya zimene asilikali akhala akuchita pa mphindi yosautsa imeneyo, makamaka a ku America, pakuti ndiwo adasunga zolembedwa zochuluka koposa.

Usiku wa pa 24 Febuluwale 1942 anthu a mu mzinda wa Los Angeles adagona mitima ili m'mwamba, pakuti miyezi itatu idali isanakwane chiphwasulire Ajapani doko la Pearl Harbor, ndipo dzulo lake lomwe sitima ya Ajapani yoyenda pansi pa madzi idali itaombera zitsime za mafuta kufupi ndi Santa Barbara. Pakati pa usiku malipenga ochenjeza adalira, magetsi a mzinda wonse adazimitsidwa, nyali zazikulu zidayamba kuunika mitambo uku ndi uku. Ndipo itangopitirira 3 koloko, mfuti zazikulu zoombera ndege zidayamba kugunda, nizigunda pafupifupi ola lathunthu, kufikira zipolopolo zoposa 1,400 zidathera m'mwamba. Kutacha sipadapezeke ndege ya mdani yogwa ngakhale imodzi, kapena bomba loponyedwa ndi mdani, koma zidutswa za zipolopolo zawo zomwe ndizo zidaswa madenga ndi magalimoto. Ndipo anthu asanu adafa, atatu pa ngozi za pamsewu mumdimawo, awiri chifukwa cha mtima. Nduna yoyang'anira asilikali a pamadzi, Frank Knox, idanena poyera kuti kunalibe mdani, ndipo olemba mbiri ya asilikali a ndege adadzalemba pambuyo pake kuti chiyambi cha zonsezo chidali chibaluni chopimira nyengo, ndi kuti mfuti zitayamba, asilikali ankaona utsi wa zipolopolo za anzawo m'kuwala kwa nyali, nauyesa ndege.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe, kumapeto kwa 1944, oyendetsa ndege zankhondo zausiku a ku America m'chigwa cha mtsinje wa Rhine adasimba za timoto tozungulira totsatira ndege zawo, ndipo akuluakulu adaopa kuti ndi chida chatsopano cha Hitler. Koma nkhondo itatha chida chotero sichidapezeke. Nkhani idakula mu 1947. Pa 24 Juni, Kenneth Arnold, munthu wamalonda woyendetsa yekha ndege yake, adaona zinthu zisanu ndi zinayi zonyezimira zikuuluka pamzere kufupi ndi phiri la Rainier, ndipo manyuzipepala adazitcha mbale zouluka. Patapita milungu iwiri, asilikali a ku Roswell, m'dera la New Mexico, adalengeza kuti atola mbale yotere itagwa pa munda wa ziweto, kenaka akuluakulu awo adabweza mawuwo, nati chidali chibaluni cha zanyengo. Choona chenicheni chidaululidwa mu 1994: chidali chibaluni ndithu, koma cha ntchito yachinsinsi yotchedwa Mogul, yomvetsera kuchokera m'mwamba ngati Arasha aphulitsa bomba la atomu.

Amene adalipira ndi moyo wake chifukwa cha chinsinsi chotere adali Kaputeni Thomas Mantell, mnyamata wa zaka 25 amene adapulumuka nkhondo ya ku Normandy atalandira mendulo ya kulimba mtima. Masana a pa 7 Januwale 1948 anthu a m'dera la Kentucky adaimbira apolisi za chinthu chachikulu choyera chili m'mwamba, ndipo a pa bwalo la ndege la Godman, ku Fort Knox, atachiona ndi maso awo, adapempha Mantell, amene ankadutsa ndi anzake m'ndege za mtundu wa Mustang, kuti akachione pafupi. Anzakewo adakwera naye kufikira pamene mpweya udayamba kuchepa, nabwerera. Koma iye, ngakhale analibe mpweya wopumira m'ndege yake, adapitirira kukwera, maso ali pa chinthu chimene sichinkayandikira konse, kufikira adakomoka ali pa chiwongolero, ndipo ndege idazungulirazungulira, nidzasweka kufupi ndi mudzi wa Franklin. Poyamba akuluakulu adati iye ankathamangitsa nyenyezi ya nthanda, mawu amene anthu ambiri sadawakhulupirire. Zaka zitapita, wofufuza wa asilikali Edward Ruppelt adapeza kuti mwina chidali chibaluni chachikulu cha mtundu wa Skyhook, cha asilikali a pamadzi a dziko lomwelo, chimene ntchito yake idali yobisika kotero kuti ngakhale a pa nsanja ya Godman sadauzidwe. Ndikaganiza za mnyamata ameneyu mtima umandiwawa, pakuti sadaphedwe ndi mdani kapena ndi mlendo wa ku nyenyezi, koma adafera kukhulupirika kwake, pochita chimene adatumidwa.

Boma lidakhazikitsa ofesi yofufuza nkhani zimenezi, imene idatchedwa Sign mu 1948, Grudge mu 1949, ndipo kuyambira 1952 Blue Book, likulu lake ku bwalo la Wright-Patterson m'dera la Ohio. Chaka cha 1952 chomwecho, usiku wa pa 19 ndi wa pa 26 Julayi, makina a radar a pa bwalo la ndege la Washington ndi a pa bwalo la asilikali la Andrews adaonetsa timadontho tikuyenda pamwamba pa likulu la dziko, ngakhale pamalo oletsedwa a pa nyumba ya pulezidenti. Ndege za F-94 zidaitanidwa kuchokera ku Delaware. Zikafika timadontho tinkazimirira, zikachoka tinkabweranso. Pa 29 Julayi Jenerale John Samford adaitana atolankhani, nafotokoza kuti m'nyengo yotentha mpweya wofunda ukagona pamwamba pa wozizira umapinda mafunde a radar ndi kuwagwetsera pansi, kotero kuti zinthu za pansi zimaoneka ngati zili m'mwamba. Ena mwa amene adakhala pa makinawo usiku umenewo sadavomere, pakuti adati nyengo yotere ankaidziwa bwino, ndipo zimene adaona zidali zosiyana.

Chimene chidaopsa akuluakulu koposa m'masiku amenewo sichidali timadontho tokha, koma kuchuluka kwa anthu oimba telefoni ndi kutumiza mauthenga, kufikira njira zolankhulirana za asilikali zidadzaza. Ndipo adalingalira kuti mdani wochenjera akhoza kuutsa dala chipwirikiti chotere, kuti ndege zake za mabomba zilowe alonda ali otanganidwa. Chotero mu Januwale 1953 bungwe la akazitape la CIA lidasonkhanitsa akatswiri a sayansi, wotsogolera wawo H. P. Robertson, amene adaweruza kuti zinthuzo pazokha sizidaonetse kuopsa kwa dziko, nalangiza kuti anthu aphunzitsidwe kuleka kuziona ngati zozizwitsa, kuti malipoti achepe. Mantha awo adali ndi maziko, sindikana. Koma mankhwala amene adasankha adabala nthenda ina yoopsa kuposa yoyambayo. Pakuti kuyambira pamenepo msilikali wonena kuti waona chinthu chosadziwika adasanduka choseketsa pakati pa anzake, wokayikiridwa ngati mutu wake uli bwino, woopa kuti amuchotsa pa ndege. Ndipo anthu ophunzitsidwa kuyang'ana kumwamba, amene maso awo boma lidawonongerapo chuma chambiri, adaphunzira kuona ndi kutseka pakamwa. Akale adati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo munthu amene wauluka zaka zambiri akanena kuti ichi sindinachionepo, ayenera kufunsidwa modekha, ngakhale kutapezeka pambuyo pake kuti adaona nyenyezi.

Pamwamba pa chitonzo padadza bodza. Kuyambira 1955 ndege yaukazitape ya U-2 idayamba kuuluka pamwamba kuposa mapazi 60,000, pomwe ndege za apaulendo zinkayenda pakati pa mapazi 10,000 ndi 20,000, ndipo anthu ambiri sankakhulupirira kuti munthu angafike kutali chotero. Madzulo, dzuwa litalowa kale kwa amene ali m'munsi, mapiko a siliva a ndegeyo ankalandirabe kuwala, naoneka ngati moto woyaka pamwamba pa mdima. Oyendetsa ndege ankapereka malipoti moona mtima. Ofufuza a Blue Book ankatha kufananiza ndi ndandanda ya maulendo a U-2, nadziwa choona, koma kwa anthu ankayankha kuti ndi zochitika za nyengo. Wolemba mbiri wa CIA, Gerald Haines, adalemba mu 1997 kuti kuposa theka la malipoti a kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi za m'ma 1960 adachokera ku ndege zaukazitape zoterezi. Alipo amene amatsutsa chiwerengero chimenecho, koma umboni ulipo wakuti boma lidanamiza anthu ake. Ndipo munthu amene waona ndi maso ake, nauzidwa kuti sadaone, sabwereranso kudzakhulupirira womuuzayo. Nthano zonse za mitembo ya alendo yobisidwa m'nyumba za asilikali zidamera m'nthaka imeneyi. Blue Book idatsekedwa pa 17 Disembala 1969, akatswiri a ku yunivesite ya Colorado otsogozedwa ndi Edward Condon atalangiza kuti sayansi siidzapindula kanthu popitiriza. Malipoti onse adali 12,618, ndipo 701 mwa iwo adatsala opanda yankho.

Ofesi idatsekedwa, koma funso la mlonda lidatsala, ndipo kumene lidayankhidwa mopupuluma lidakhetsa mwazi wosalakwa. Pa 1 Seputembala 1983 ndege ya apaulendo ya ku South Korea, yochokera ku New York kudzera ku Anchorage, idasochera nilowa mu mlengalenga wa Soviet Union, m'dera limene ndege yaukazitape ya America idali itayendamo usiku womwewo. Idaomberedwa kufupi ndi chilumba cha Sakhalin, ndipo anthu 269 adathera m'nyanja. Pa 3 Julayi 1988 sitima yankhondo ya America yotchedwa Vincennes idayesa ndege ya apaulendo ya ku Iran, yochoka ku Bandar Abbas kunka ku Dubai, kuti ndi ndege yankhondo ya F-14, niigwetsa pamodzi ndi anthu 290, ana ambiri ali momwemo. Pakati pa masoka awiriwa padachitika chinthu chosiyana nawo. Pa 28 Meyi 1987 mnyamata wa ku Germany wa zaka 18, Mathias Rust, adanyamuka ku Helsinki m'kandege kakang'ono ka Cessna, nadutsa malire olonderedwa kolimba, natera pakati pa Moscow pambali pa bwalo la Red Square. Makina adamuona, ndege zankhondo zidamuyandikira, koma chichitikire cha ku Sakhalin palibe mkulu amene adalimba mtima kulamula, ndipo ena adamuyesa mnzawo wophunzira kuuluka. Nduna ya zachitetezo Sergei Sokolov ndi mkulu wolondera mlengalenga Alexander Koldunov adachotsedwa pa maudindo awo. Ine ndiona kuti kulola mnyamata uja kutera kudali kulakwa kochepa poyerekeza ndi kugwetsa ndege yodzaza ndi anthu, ngakhale kuti amene adalangidwa msanga ndi amene sadaombere.

Ife a kumwera kuno kwa Africa sitidali ongomvera nkhani zimenezi pa wailesi, pakuti m'zaka za nkhondo zomenyera ufulu mlengalenga wathu udali njira ya adani odziwika bwino. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za boma la Ian Smith, lolamulira Zimbabwe isanalandire ufulu, zidaphulitsa msasa wa ZAPU, gulu lomenyera ufuluwo, ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo wotsogolera wawo adalankhula pa wailesi ndi nsanja ya bwalo la ndege la Lusaka, nachenjeza kuti ndege yankhondo iliyonse ya Zambia imene inyamuke idzagwetsedwa. Kwa kanthawi dziko lodzilamulira lidalandidwa mitambo yake masana dzuwa likuswa mtengo. Mu Julayi 1982 adani adalowa usiku pa bwalo la asilikali la Thornhill ku Gweru, nawononga ndege zambiri za Zimbabwe, zina mwa izo za mtundu wa Hawk zongofika kumene kuchokera ku Britain. Munthu akadziwa zimenezi amvetsa chifukwa chake mu Julayi 1985, pamene anthu a ku Bulawayo ndi madera oyandikana nawo, pamodzi ndi a pa nsanja ya bwalo la ndege, adaona chinthu chowala chili m'mwamba dzuwa likupendeka, ndege ziwiri za Hawk zidanyamuka ku Thornhill komweko kukachilonda, ndipo sizidathe kuchifikira. Chimene ndilemekeza pa nkhaniyi ndi chakuti akuluakulu a asilikali a ndege a Zimbabwe, Azim Daudpota wa ku Pakistan amene ankawatsogolera pa nthawiyo ndi David Thorne, adavomera pamaso pa atolankhani kuti anyamata awo adaona chinthu, ndi kuti iwo sadachizindikire. Sadatonze oyendetsa ndege awo, kapena kupeka yankho loti anthu agone. Chaka chotsatira, pa 19 Meyi 1986, asilikali a boma la tsankho la South Africa adaukira Harare, Lusaka ndi Gaborone tsiku limodzi, ndipo zidaoneka kuti kudikira kwa alonda aja sikudali kwachabe.

Ku America chete uja adakhala zaka zambiri. Mu Novembala 2004, kunyanja kufupi ndi California, makina a radar a pa sitima ya Princeton, yoperekeza sitima yonyamula ndege ya Nimitz, adakhala masiku angapo akuonetsa zinthu zotsika kuchokera kutali m'mwamba. Ndipo pa 14 Novembala David Fravor, mtsogoleri wa gulu la ndege za F/A-18, adatumidwa kukaona. Iye adasimba kuti nyanja idali bata, kupatula pamalo amodzi pamene madzi ankachita thovu, ndipo pamwamba pake pankayenda chinthu choyera, chosalala, chotalika ngati mapazi 40, chopanda mapiko kapena utsi. Atatsika mozungulira kuti achiyandikire, icho chidakwera ngati chikumutsanzira, kenaka chidazimirira. Atabwerera pa sitima adalandiridwa ndi nthabwala za anzake, ndipo nkhaniyo siidamveke kwa anthu ambiri kufikira nyuzipepala ya New York Times idaifalitsa mu Disembala 2017. Akatswiri ena amati zithunzi zimene zidajambulidwa tsikulo zikhoza kukhala za ndege yakutali, ndipo mtsutso ukadalipo. Koma manyazi a kusafunsa adawagwira akuluakulu, ndipo mu 2019 asilikali a pamadzi adakhazikitsa njira yoti oyendetsa ndege azipereka malipoti mopanda mantha. Lipoti la boma la pa 25 Juni 2021 lidasanthula nkhani 144, nilitha kufotokoza imodzi yokha, imene idali chibaluni chikuphwa. Lidatchula maulendo 11 amene ndege zidatsala pang'ono kuwombana ndi zinthuzo, ndipo lidavomera kuti kuopa chitonzo ndiko kudatsekereza umboni wambiri. Ofesi yatsopano yotchedwa AARO, yokhazikitsidwa mu 2022, idalengeza mu Malichi 2024 kuti m'zolembedwa zonse za boma kuyambira 1945 siidapeze umboni wa makina ochokera kunja kwa dziko lapansi.

Chimene chidapezeka chidali cha padziko pompano. Kumapeto kwa Januwale 2023 chibaluni chachikulu chochokera ku China chidalowa ku Alaska, nichidutsa Canada, nichioneka ndi anthu wamba pamwamba pa Montana, dera limene kuli maenje a mizinga ya nyukiliya. A ku Beijing adati ndi chopimira nyengo chimene mphepo idachisocheretsa. A ku Washington adati ndi chaukazitape. Mbalame ikakhala pa uta siilasika: akuluakulu adaopa kuti zitsulo zake zikagwa zipha anthu awo omwe, ndipo adachilekerera kudutsa dziko lonse kufikira pa 4 Febuluwale, pamene ndege ya F-22 idachigwetsera m'nyanja kufupi ndi South Carolina. Pamenepo Jenerale Glen VanHerck, mkulu wa pa nthawiyo wa NORAD, gulu limene America ndi Canada adapangana mu 1958 kuti azilondera pamodzi mlengalenga wawo, adavomera kuti zibaluni zina zidadutsapo m'zaka za m'mbuyo iwo osaziona. Chifukwa chake chidali chakuti makina adali otcheredwa kuti azisamala zothamanga, monga ndege ndi mizinga, ndi kutaya zoyenda pang'onopang'ono kuti mbalame ndi mitambo zisadzaze galasi. Chotero kwa zaka zambiri makinawo ankachita chimene anthu adaphunzitsidwa mu 1953, kuona ndi kusanena.

Atawatcheranso makinawo, mlengalenga udaoneka wodzaza ndi tinthu timene kale sitinkawerengedwa, ndipo m'masiku atatu otsatizana ndege zankhondo zidagwetsa zinthu zitatu zosadziwika: pa 10 Febuluwale kumpoto kwa Alaska, pa 11 m'dera la Yukon, kumene ndege ya America idaombera pamwamba pa nthaka ya Canada molamulidwa ndi nduna yaikulu ya Canada pa nthawiyo, Justin Trudeau, monga mwa pangano lawo lija, ndi pa 12 pamwamba pa nyanja ya Huron, kumene mzinga woyamba udaphonya nugwera m'madzi, wachiwiri ndiwo udalasa. Patapita masiku ochepa Pulezidenti Joe Biden adauza anthu ake kuti palibe chosonyeza kuti zitatuzo zidali za China kapena za dziko lina lililonse, ndi kuti mwina zidali zibaluni za makampani, za ofufuza zanyengo, kapena za anthu ongokonda kuziulutsa. Ndipo adalamula kuti akonze malamulo atsopano osiyanitsa chimene chiyenera kugwetsedwa ndi chimene chiyenera kungoyang'aniridwa.